Ndinagulitsa makina a telala

Malemu amuna anga anandisiyira ana anayi ndi mdadada wa nyumba zisanu za lendi kuseri kwa nyumba yathu ku Chilomoni. Ndalama zawo za kuntchito zinatha msanga, ndipo mdadada uja ndiwo unatsala n'kumatidyetsa. Fizi, ufa, bilu ya madzi, mankhwala anga a BP, zonse zinkachokera pa zitseko zisanu zija. Ndayamba ndi zimenezi kuti musandiyese mwinichuma. Wa lendi mmodzi akadumphitsa mwezi, kwanga ndiwo zimasintha.

M'nyumba yakumapeto munkakhala telala, mnyamata wa ku Thyolo, wofatsa, wosamwa. Ankasoka pakhonde la golosale ina kumsika, madzulo n'kubwera atasenza mutu wa makina paphewa, miyendo yake ataisiya komweko. Mkazi wake ndinkamutenga ngati mwana wanga. Atamwalira mu 2017, maliro anachokera pakhomo panga pomwepa, ndipo moto woyamba wophikira anamalira ndinasonkha ndine. Kuyambira pamenepo mnyamata uja sanayendenso bwino. Ntchito nayo inachepa. Ndani angasoketse malaya pamene pa kaunjika akugula atatu pa mtengo wosokera amodzi? Anatsala ndi kupinda mathalauza, kusintha zipi, ndi mayunifomu sukulu zikamatsegulira. Lendi inali K15,000 pa mwezi. Pofika pakati pa 2018 anali ndi ngongole ya miyezi itatu.

M'mawa wina ndinapeza loko pachitseko chake. Mayi wa nyumba yoyandikana naye ndiye anandiuza kuti ananyamuka m'bandakucha ndi kachikwama kamodzi, ndipo anasiya mawu akuti wapita ku Joni, akangopeza ganyu atumiza ndalama, katundu ndimusungire. Patapita mwezi anatumizadi K20,000 pa Mukuru. Kenako zii. Nambala imene anaimbira sinkapezekanso.

Kuno kumakwalala kuli lamulo limene aliyense amalidziwa ngakhale silinalembedwe paliponse: wa lendi akalephera, katundu wake ndi chikole. Eninyumba ena amazula chitseko, ena amachotsa lata limodzi lolunjika pabedi, ena amangowonjezera loko wachiwiri pamwamba pa wa mwini wake. Ine zozula zitseko sindinachitepo, ndipo ndinkadziona ngati landilodi wachifundo. Ndinadikira miyezi ina itatu nyumba ili chitsekere, anthu ofuna nyumba akubwera n'kubwerera. Pa ichi ngakhale lero sindidziimba mlandu. Munthu sangatseke nyumba ya mnzake n'kupita dziko lina osanena za tsiku lobwera.

Tsiku lotsegula ndinaitana mwana wanga wamwamuna, ndi mayi woyandikana uja kuti akhale mboni. Loko tinadula ndi sowo. M'katimo munali fungo la nyumba yosakhalamo munthu, mbale ya nsima youma pansi, bedi ndi matiresi, mipando iwiri ya pulasitiki, mapoto, mbaula, wailesi, sutikesi, makatoni awiri omanga ndi chingwe, thumba lodzaza nsalu, ndipo pakona panali makina aja, mutu ndi miyendo zili pamodzi, atawafunditsa chitenje cha malemu mkazi wake. Tonse atatu tinaona zimenezi. Palibe amene anaganiza zotenga kope ndi bolopeni. Ndinali ndi foni yojambula m'thumba, koma sindinajambule. Tinatuta zonse n'kukaunjika m'khitchini yakale ya zidina imene tinkasungiramo makala, madzulo omwewo munthu wina n'kulowa m'nyumbamo.

Katundu wosungira mnzako satha tsiku limodzi. Amasungunuka. Mdzukulu wanga atabwera kutchuthi kunalibe pogona, ndiye tinati matiresi aja angogonera pang'ono, ali bwino kugwiritsidwa ntchito kusiyana n'kudyedwa ndi makoswe. Poto wamkulu analowa m'khitchini mwanga tsiku limene kunabwera alendo a Mvano, ndipo sanatulukemonso. Mipando inapita kumaliro apafupi, unabwerako umodzi. Mbaula anabwereka wa lendi watsopano. Nthawi zonsezi mumtima ndinkati ndikungobwereka, ndipo nthawi zonsezi ndinali ndi chifukwa chomveka.

Kenako kunayamba kubwera amayi ofuna nsalu zawo. Wina ankati anasiya chitenje cha Java kuti amusokere diresi ya chinkhoswe, wina nsalu ya yunifomu ya kwaya, wina sikete yongofunika kubweza m'chiuno. Ndinkangotsegula thumba lija, aliyense n'kuloza yake. Ndikanadziwa bwanji kuti akunena zoona? Telala amasunga maina a makasitomala m'mutu mwake ndi m'kakope kake ka miyeso, ndipo kakope kameneko kanali naye ku Joni. Mayi wina anatenga nsalu zitatu. Patapita sabata kunabwera wina kudzafuna imodzi mwa zomwezo, n'kulalata pakhomo panga mpaka anthu kusonkhana.

Makina ndinagulitsa mu Januwale 2019. Mwana wanga womaliza anabwezedwa kusukulu chifukwa cha fizi, kwinaku chikalata chodula madzi chili patebulo. Anali makina akale a Singer, akuda, maluwa ake agolide atafufutika pamene pamagwira dzanja. M'kadirowa kake munali mabobini, masingano okulunga m'pepala la shuga, choko cha buluu ndi tepi yothothoka manambala oyambirira. Telala wina wa kumsika anawayesa pakansanza, anamvetsera kulira kwake, n'kupereka K60,000. Ndinawerengera kuti mnyamata uja ali ndi ngongole ya K70,000, choncho ine ndiye wotsala kulandira. Usiku umenewo ndinagona tulo tabwino.

Mukukumbukira mvula ya kumayambiriro kwa Malichi chaka chomwecho, ija inagwa usana ndi usiku osakata kuno kummwera, mpaka Pulezidenti Peter Mutharika kulengeza kuti kwagwa ngozi yadzidzidzi, Cyclone Idai isanakagwetse mzinda wa Beira. Khoma la khitchini yanga ya zidina linafewa n'kugwera m'kati. Mvula itakata tinafukula. Sutikesi inali itachita chuku, zovala zonse zitada. Makatoni aja ndinali ndisanawatsegulepo, ndipo ndinawatsegula tsiku limenelo ali phala. Munali satifiketi ya MSCE, dzina lokha likuoneka, magiredi atasungunuka. Munali chikalata cha ukwati, khadi la kusikelo la mwana, makalata, ndi alubamu ya zithunzi imene masamba ake anamatirirana. Nditayesa kumatula tsamba limodzi, nkhope ya malemu uja inang'ambika, theka kutsalira mbali ina. Ndinatseka. Mwina ndikanayanika bwinobwino pamthunzi, zina zikanapulumuka. Ndinanyamula zonse n'kukaponya kudzenje la zinyalala, ndipo sindinauze munthu. Sikuti ndinaona kuti n'zopanda ntchito ayi. Sindinkafuna kuti nkhope ija izindiyang'ana.

Telala uja anabwerera mu 2020, nthawi ya korona. Dziko la South Africa litatsekedwa kumapeto kwa Malichi, maganyu onse anaima, ndipo mu Meyi mabasi anayamba kubweretsa Amalawi kudzera pachipata cha Mwanza. Ena anawasunga pa Kamuzu Stadium podikira zotsatira za kuyezedwa, mazanamazana n'kuthawapo. Iye anabwera ndi mabasi amenewo. Anayamba wapita kumudzi, ndipo patapita masabata ndinangomva odi pakhomo. Anali atawonda, masiki ili pachibwano.

"Amayi, ndabwera. Ndikudziwa kuti ndinakulakwirani. Ndabweretsa kangachepe aka, zotsala ndizipereka ndikayamba kusoka. Ndimati nditengeko makina okha, zinazi zikhale kaye."

M'manja mwake munali K30,000. Ndinamufunsa chifukwa chimene anakhalira chete zaka ziwiri. Anati, "Ndinalibe chokuuzani, Amayi. Munthu umaimba foni ukakhala ndi kanthu."

Ndinamuuza kuti makina ndinagulitsa. Sanakalipe. Anafunsa za makatoni, ndinati mvula inawononga. Anafunsa kuti zotsala zake zili kuti, ndinati kulibe. Anabweza ndalama zija m'thumba n'kutuluka osatsanzika, ndipo mawa lake kunabwera uthenga wondiitana kupolisi.

Wapolisi amene anatimvera anali munthu wachikulire, wosapupuluma. Anati nkhani ya lendi ndi ya civil, iwo siwatolera anthu ngongole, koma kugulitsa katundu wa munthu popanda chikalata cha khoti ndi nkhani ina imene ikhoza kundigoneka m'chitokosi mwini wake atalimbikira. Anatifunsa ngati tingayambe takambirana kwa amfumu. Mnyamata uja anavomera. Ndikhulupirira kuti anakumbukira moto wa pamaliro uja.

Kubwalo tinakhala motalikirana, chidebe cha madzi osamba m'manja chili pakhomo. Iye anabwera ndi pepala lolembapo katundu wake yense. Ine ndinabwera ndi mutu wanga ndi mboni ziwiri. Papepala pake panali zinthu zimene ndinaziona, ndi zina zimene sindinazionepo chibadwire: mabulangete atatu atsopano, simbi yamagetsi, foni, ndi K40,000 imene akuti anaisiya m'sutikesi. Munthu wothawa ngongole ya K45,000 angasiye K40,000 m'sutikesi? Ndinakana kwamtuwagalu, ndipo mpaka lero ndimati pamenepo anawonjeza. Koma nduna ya amfumu inandifunsa funso limodzi: "Mayi, pepala lanu lili kuti?" Mayi woyandikana uja atafunsidwa ngati anaona simbi, anati sakukumbukira bwino, mwina inalipo. Za mabulangete anati anaona limodzi kapena awiri. Sikuti ankandiukira. Panali patadutsa nthawi, ndipo munthu sasunga m'mutu katundu wa mwini.

Pa wailesi ndiye pamene ndinachita manyazi. Ndinalumbira kuti inawonongeka ndi mvula, chifukwa ndi zimene ndinkadziwa. Mwana wanga, amene anabwera kudzandiikira kumbuyo, anaweramitsa mutu n'kunena kuti anaigulitsa kale mvula isanagwe, ndalama n'kugulira mayunitsi ndi nsapato. Anati anaona kuti poti amayi agulitsa makina, wailesi siyovuta. Pabwalo panamveka kung'ung'udza, ndipo kuchokera pamenepo chilichonse chimene ndinakana chinkamveka ngati bodza.

Ndiye panaimirira mayi ake a telala, amene anakwera minibasi kuchokera ku Thyolo. Anali gogo wamfupi, wovala mpango woyera. Sanandiyang'ane ine, ankalankhula kwa amfumu. Anati makina aja sanali a mwana wawo. Anali awo. Malemu amuna awo anabwera nawo kuchokera kumigodi ya ku Joni, nthawi imene Kamuzu analetsa za Wenela ndege itagwa ndi anyamata athu ku Francistown mu 1974. Anzawo ankabwera ndi njinga ndi magalamafoni, iwo anabwera ndi makina. Gogoyo anasokera makinawo zaka zonse, kulipirira ana sukulu, ndipo anangomubwereka mnyamatayu maso atayamba kuvuta.

"Ngati mwana wanga ali ndi ngongole, amfumu, imeneyo ndi yake, alipire. Koma ine mayiwa sindinawakongole kanthu. Ndikufuna makina anga."

Ndinalibe poyankha. Chikole chimene ndinadzitengera chinali cha munthu amene sanagonepo m'nyumba mwanga ngakhale usiku umodzi.

Ndinayesabe kulimba. Ndinati kuwonjezera pa lendi, andilipire malo amene katundu wake anakhala m'khitchini mwanga nthawi yonseyi. Nduna ija inamwetulira. Inati, "Zili bwino, Mayi, tiwerengera. Koma dziwani kuti wolipidwa posunga katundu amabweza katunduyo ali bwinobwino. Mukufuna tikutengeni ngati mlonda wolipidwa, kapena ngati munthu amene anangothandiza?" Ndinasiya za malozo pomwepo.

Chigamulo sichinandikondere, komanso sichinandipondereze. Amfumu anamudzudzula mnyamata uja kolimba chifukwa chotseka nyumba ya mayi wamasiye n'kusowa, ndipo anati alipire miyezi yonse 6, kuchotsapo K20,000 imene anatumiza. Za foni, simbi ndi ndalama za m'sutikesi anazitaya chifukwa panalibe umboni. Ine anati ndibweze zimene zilipo, ndilipire wailesi, mpando ndi zovala, ndipeze makina, ndiponso ndipereke ndalama yoyendera ndi yolipira ku MANEB ku Zomba kuti akapeze chikalata cholowa m'malo mwa satifiketi. Atachotsera uku ndi uku, ine amene ndinapita kubwalo ndikudziyesa wokongoza ndinatulukako ndili wangongole. Za alubamu palibe anatchula mtengo. Mnyamata uja anangoti mwana wake ankafunsa nkhope ya mayi ake, ndipo amfumu anadumpha n'kupita pa mfundo ina.

Makina enieniwo sanapezeke. Telala amene ndinamugulitsa anali atagulitsanso kwa munthu wa ku Lunzu, wa ku Lunzuyo n'kupatsa mlamu wake amene anasamukira ku Mozambique. Ndinakatenga ngongole kubanki mkhonde n'kugula ena ogwiritsidwa kale ntchito ku Limbe pa K110,000, pafupifupi kuwirikiza kawiri ndalama imene ndinalandira. Gogo uja anawalandira, anapondaponda, anati akusoka. Sanathokoze, ndipo sindinayembekezere kuti athokoze.

Nkhani itamveka kutchalitchi, mkulu wa mpingo wa dera lathu anabwera kudzandiona. Sanabwere ndi ukali. Anangonditsegulira Deuteronomo 24, pamene pamaletsa kutenga mphero ya munthu ngati chikole popeza ndi chimene amadyera, ndiponso pamaletsa wokongoza kulowa m'nyumba ya mnzake kukadzitengera yekha chikole. Ndakhala wa Mvano zaka zambiri, ndimeyo ndinaimvapo, koma ndinkaiyesa nkhani ya Aisiraeli ndi tirigu wawo. Sindinaganizepo kuti makina a telala ndi mphero. Ndipo mwa nzeru wamba chabe, ndinkayembekezera kuti adzandilipira ndi chiyani nditagulitsa chomwe amapezera ndalama?

Mwana wa mchemwali wanga, amene amagwira ntchito yaukalaliki kukhoti, anandifotokozera pambuyo pake mmene zimayendera. Mwininyumba amakasuma kwa majisitireti. Ngati pafika polanda katundu, amalanda ndi masherifu atanyamula chikalata, amalemba chinthu chilichonse chimene atenga, amagulitsa poyera pa okushoni, ndipo ndalama ikaposa ngongole yotsalayo imabwerera kwa mwini katundu. Wosauka atha kukapempha thandizo ku Legal Aid Bureau. Ndinamufunsa kuti ndani kuno ku Chilomoni angayende zonsezo chifukwa cha K45,000, ndalama ya minibasi, masiku odikira pabenchi, mlandu kuimitsidwa. Anavomera kuti ambiri sayenda. Apa ndimaonabe kuti eninyumba ang'onoang'ono tili pamavuto enieni. Njira yolondola ndi yayitali komanso yodula, pamene loko ali pa hadiweya pomwepa. Koma chimene masherifu amachita chomwe ine ndikanatha popanda khoti ndi kulemba. Ngongole yanga inali ndi nambala, aliyense akanaiwerengera pa zala. Katundu wake analibe nambala, ndipo nditangodula loko uja, mtengo wake unali woti atchula ndi mwini wake.

Telala uja akusokabe, koma anasamukira ku Bangwe. Tikakumana ku Limbe amapereka moni, "Muli bwanji, Amayi," n'kupitirira. Mwana wanga wamwamuna mpaka lero amati amfumu anatidyera masuku pamutu, akuti wothawa lendi sayenera kutuluka pabwalo ndi phindu. Ndimamuyankha kuti wogulitsa wailesi ya mwini akhale chete. Timakanganabe.

Tsopano munthu akamalowa m'nyumba mwanga amandipatsa nambala ya m'bale wake ndi dzina la mudzi wake, ndipo timalemberana kuti akachoka osatsanzika, pakatha mwezi katundu apita kwa m'baleyo. Chaka chatha mtsikana wina wogulitsa m'shopu anasowa chimodzimodzi, kusiya bedi, ndowa ndi chikwama. Ndinaitana nduna ya amfumu loko asanakhudzidwe. Tinajambula, tinalemba mpaka masipuni, nduna inasaina, ndipo ndinalipira ndekha wa ngolo kuti akatule zonse kwa azakhali ake ku Chirimba. Lendi ya miyezi iwiri sindinaione, ndipo mwina sindidzaiona. Zinandiwawa ndithu.

Mnzanga wa mdadada woyang'anana ndi wanga akusunga firiji ya mphunzitsi wina amene anasamutsidwira ku Nsanje ali ndi ngongole. Ndinamukhazika pansi n'kumufotokozera zonsezi, kuyambira pa loko mpaka pa gogo wa ku Thyolo. Anamvetsera, n'kunena kuti ine ndinalakwitsa pogulitsa, iye sagulitsa, akungosunga. Firijiyo ili pakhonde pake, yolumikiza kumagetsi, ndipo mwana wake akugulitsiramo mafirizesi kwa ana a sukulu.